KANYUMBA KA KU NEW YORK KUMENE ANTHU OCHUKA ANALI KUKWERA KUKASEKEDWA

Mzinda wa New York, m'dziko la America, unamangidwa pa zisumbu, ndipo cisumbu codziwika koposa zonse ndi ca Manhattan. M'litali mwace muli makilomita 21, koma m'mimba mwace ndi mocepa, kotero kuti munthu wa miyendo yolimba angathe kuyenda pansi kucokera ku mtsinje wa Hudson kumadzulo kukafika ku East River kum'mawa ola limodzi lisanathe.

Miseu yambiri ya pa cisumbuci imadziwika ndi manambala, ndipo manambalawo amanka nakwera pamene munthu alikupita kumpoto. Koma ulipo mseu umodzi wakale umene sutsata mizere ya anzace. Umayambira ku nsonga ya kumwera, pa malo ochedwa Bowling Green, nupita kumpoto mopingasa miseu yina. Dzina lace ndi Broadway. Pafupi ndi pamene mseuwu umadutsa pa bwalo la Times Square pali nyumba zazikulu za masewero pafupifupi 40. Nyumba imawerengedwa kuti ndi ya Broadway ngati iri ndi mipando 500 kapena kuposa apo; zocepera zimachedwa Off-Broadway.

Masewero amene amakoka anthu ambiri kumeneko ndi aja a nyimbo, amene eni ace amati musical. M'masewero otere nkhani imasimbidwa mwa kuimba ndi kubvina, ndipo sewero limodzi likakondedwa limaonetsedwa kasanu ndi katatu pa mlungu kwa zaka zambiri m'nyumba imodzimodzi. Pamene pali cinthu cochuka cotero, sipalephera kukhala munthu wocitsanzira kuti anzace aseke. Ku New York nchito yotsanzirayi iri ndi kwao kwace, kanyumba ka pamwamba pa mseu wa 72.

NYUMBA YAIKULU YA PA MSEU WA 46

Ulendo wopita ku kanyumbako uyenera kuyambira pa West 46th Street, nambala 226, pamene pali nyumba yochedwa Richard Rodgers Theatre, ya mipando yoposa 1,300. Kuyambira mwezi wa August 2015 m'nyumbayi mumaonetsedwa sewero la Hamilton, lolembedwa ndi Lin-Manuel Miranda, mbadwa ya New York imene makolo ace ndi ocokera ku cisumbu ca Puerto Rico.

Seweroli limasimba za Alexander Hamilton, mnyamata wamasiye wobadwira pa kacisumbu ka Nevis ku Caribbean, amene anadza ku New York wopanda cuma, namenya nao nkhondo ya ufulu wa America pansi pa George Washington, nakhala nduna yoyamba ya zacuma m'caka ca 1789. Iye anafa mu July 1804 ataomberedwa ndi Aaron Burr, waciwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, pa mkangano umene amuna awiriwo anapangana kuuthetsa ndi mfuti. Manda ace ali pa bwalo la chalichi ca Trinity, kumunsi kwa Broadway, ndipo nkhope yace iri pa ndalama ya pepala ya madola 10.

Zinthu ziwiri zinadabwitsa anthu. Coyamba, Miranda anapereka mbali za azungu amene anayambitsa dziko la America kwa osewera akuda ndi ena a mitundu ya ku Latin America. Caciwiri, nyimbo zambiri anazipeka mwa kaimbidwe ka rap, kamene woimba amalakatula mau mwaliwiro motsata kugunda kwa ng'oma. M'maola awiri ndi theka osewera amachula mau oposa 20,000. M'caka ca 2016 seweroli linalandira mphotho 11 za Tony, zimene ndizo mphotho zazikulu za Broadway, ndiponso mphotho ya Pulitzer.

Kuchuka kumeneku kunadza ndi bvuto lace. Matikiti anali kutha miyezi yambiri tsiku lisanafike. Mu June 2016 eni sewero anakweza mtengo wa mipando yabwino koposa kufika pa madola 849 mpando umodzi, ndipo anthu ogula matikiti kuti akagulitsenso anali kufuna zoposa pamenepo. Pamene Miranda anali kutsazika pa mbali yace ya Hamilton pa 9 July 2016, matikiti ena anagulidwa pa madola zikwi zingapo. Kwa osauka kunatsala njira ya maere: mipando 21 ya kutsogolo inali kugulitsidwa pa madola 10 kwa amene maina ao anatoledwa. Anthu mazanamazana anali kusonkhana pa mseu kudikira maerewo, ndipo ambiri a iwo anali kubwerera kwao cimanjamanja.

Obwererawo sanagone nazo. Nyimbo za seweroli zinatuluka pa cimbale mu September 2015, ndipo anthu anazimvera m'nyumba, m'galimoto ndi m'sitima kufikira atazisunga pamtima. Motero mu mzindawo munabadwa khamu lacilendo: anthu odziwa liu liri lonse la sewero limene sanalionepo ndi maso.

KUKWERA MAKWERERO A PA MSEU WA 72

Wocoka pa Times Square akakwera sitima ya pansi pa nthaka ya nambala 2 kapena 3 yopita kumpoto, pamene iyamba kuima ndi pa 72nd Street. Ulendowo ndi wa mphindi zocepa. Woyenda pansi motsata Broadway ayenda makilomita awiri ndi kanthu. Potulukira pamwamba apeza kuti nyali zothwanima za ku Times Square zatsala m'mbuyo. Dera limeneli, lochedwa Upper West Side, ndi la nyumba zogonamo, masitolo ndi malo odyera. Pamphambano pali kabwalo ka Verdi Square, pamene paimirira cifanizo ca mwala ca Giuseppe Verdi, wopeka nyimbo wa ku Italy. Kum'mawa, kumene mseuwo umathera pa munda waukulu wa Central Park, kuli nyumba yakale ya Dakota, pakhomo pamene John Lennon wa gulu la Beatles anaomberedwa mu December 1980.

Pakati pa malo awiriwa, pa nambala 158, pali khomo limene mlendo angathe kulipitirira osaliona. Kuseri kwace kuli makwerero, ndipo pamwamba pali cipinda cokwana anthu pafupifupi 130. Oonerera amakhala mothithikana ndi zakumwa patsogolo pao, ndipo wa kutsogolo akatambasula dzanja angathe kukhudza nsanja. Lero malowa amachedwa Triad Theater, koma m'caka ca 1982 anali kuchedwa Palsson's Supper Club.

M'cipinda cimeneci, pa 15 January 1982, mnyamata wina wa ku Boston, Gerard Alessandrini, anayamba kuonetsa sewero lochedwa Forbidden Broadway, ndiko kunena kuti Broadway yoletsedwa. Analibe gulu la oimba, analibe zokongoletsa nsanja. Anali ndi osewera owerengeka, piyano imodzi ndi zobvala zosinthasintha. Nzeru yace inali yotenga nyimbo imene ali yense aidziwa, kucotsamo mau ace, ndi kuikamo ena onyogodola sewero limene nyimboyo inacokera.

Mu sewero la Annie, limene linayamba mu 1977, muli kamtsikana kamasiye ka tsitsi lofiira koimba za ciyembekezo ca mawa. Kwa Alessandrini kamtsikanako kanatulukira kali mai wa zaka 30, fodya ali m'manja, diresi lofiira la ubwana likali m'thupi, nchito yina itasowa. Pamene Les Misérables inafika pa Broadway mu 1987 ndi nsanja yace yozungulira, osewera a Alessandrini anali kudzizungulira okha pansi pouma kufikira atacita cizungulire, nadandaula za kutalika kwa sewerolo. The Lion King itayamba mu 1997, iwo anabvala tidole ta nyama pamutu nalira kuti makosi awawa ndi kulemera kwa zigoba.

Ambiri anayesa kuti eni masewero adzakwiya. M'malo mwace anayamba kukwera makwerero aja kuti akadzione. Carol Channing, mai wochuka ndi sewero la Hello, Dolly! la mu 1964, amene mau ace osasa ndi maso ace akulu anali kutsanziridwa kawirikawiri, anakonda nthabwalazo kotero kuti anadzalowetsa mau ace pa cimbale cina ca gululo. Stephen Sondheim, mkulu wa opeka nyimbo a Broadway, nayenso anali kubwera kudzamva nyimbo zace zikupotozedwa. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pa Broadway zinafika poti wosewera wosatsanziridwa ndi Alessandrini ndiye anali kudzifunsa ngati mutu wace wakula mokwanira.

Sewerolo linaonetsedwa ka 2,332 m'cipindamo kufikira caka ca 1987, kenaka linasamukira ku nyumba zina, likusintha nthabwala zace monga mwa masewero atsopano. Mu 2006 eni mphotho za Tony anapatsa Alessandrini ulemu wapadera cifukwa ca nchito yoseka iwo eni.

HAMILTON ASANDUKA NYAMA YA M'CITINI

Mu July 2016, pamene mzinda wonse unali kulira matikiti, Alessandrini anabwerera ku kanyumba kace kakale ndi sewero latsopano lochedwa Spamilton. Dzinali ndi nthabwala payokha. Spam ndi nyama ya m'citini yotsika mtengo imene Amerika akhala akudya kuyambira 1937. Wolephera kugula nyama ya pa mbale ya mfumu anali kuitanidwa kudzatsegula citini.

Pa nsanja panali osewera asanu, mlendo mmodzi kapena awiri ndi woimba piyano. Sewerolo linali kuyamba ndi Barack Obama ndi mkazi wace Michelle alikukonzeka kukagona, namvera cimbale ca Hamilton. Oonerera anali kuigwira msanga nthabwalayo, pakuti onse anadziwa kuti banja la Obama linakonda seweroli, ndi kuti Miranda anaimba nyimbo yace yoyamba ku White House mu 2009, sewero lisanalembedwe lonse. Pambuyo pace panali kutulukira wotsanzira Miranda mwini, mnyamata wodzipatsa nchito yopulumutsa Broadway ku masewero ozizira. Anzace anali kunyogodola liwiro la rap, limene munthu amamva ngati matalala pa malata, natuluka osatola liu ndi limodzi lomwe. Sondheim anali kuoneka ngati nkhalamba yopatsa malangizo.

Koma mbali imene inakhudza cilonda ca mzindawo inali ya mai wobvala nsanza, wotulukira mobwerezabwereza ndi dzanja lotambasula. Iye sanali kupempha ndalama kapena cakudya. Anali kupempha tikiti ya Hamilton. Wosewera yemweyo anali kutsanziranso oimba acikazi ochuka monga Liza Minnelli ndi Barbra Streisand, kusonyeza kuti ngakhale eni maina akulu anali kulakalaka kulowa nao m'cinthu catsopanoco.

MITUNDU ITATU YA OONERERA

M'cipinda cacing'ono cotero nkhope ya munthu siibisika, ndipo kuseka kwa ali yense kumaulula cimene adziwa. Oonerera sewero lotsanzira amagawika patatu.

Oyamba ndi amene anaona sewero lenileni. Awa amaseka ndi maso. Amazindikira kaimidwe, kabvalidwe ndi kayendedwe ka wosewera amene alikutsanziridwa, ndipo kawirikawiri amayamba kuseka wosewera asanatsegule pakamwa. M'kuseka kwao muli kakudzitama pang'ono, pakuti phwete lao limauza oyandikana nao kuti iwo analowamo m'nyumba ya pa mseu wa 46.

Aciwiri ndi aja osunga cimbale pamtima. Awa amaseka ndi makutu. Piyano ikangoyamba, mtima wao umatsogola ndi mau amene auzolowera, ndipo pamene wosewera aika liu lina pa malo a liu loyembekezeka, amadzidzimuka monga munthu woponda pamene ayesa pali citsa napeza dzenje. Kudzidzimuka kumeneko ndiko kumabala kuseka. Kwa anthu awa mai wopempha tikiti uja sanali munthu wacilendo. Anali kudziseka okha. Analipira kagawo kakang'ono ka mtengo wa pa Broadway, nakhala pafupi ndi nsanja koposa amene analipira madola 849.

Acitatu ndi amene anangoperekeza anzao, osadziwa Hamilton kapena anthu a pa Broadway. Awa amaona osewera aluso, amamva mau okoma, koma amaceukaceuka kufuna cimene caseketsa anzao. Ena amaseka mocedwa potsata khamu, ena amangoyang'ana m'tambula. Sewero lotsanzira liribe cifundo kwa munthu wotere, cifukwa theka la nthabwala liri pa nsanja ndipo theka lina woonerera ayenera kubwera nalo kucokera kunyumba.

Panatsala woonerera mmodzi amene onse anali kudikira: mwini Hamilton. Miranda anakwera makwererowo pamodzi ndi Thomas Kail, amene anatsogolera sewero lace, nakhala pansi kuona munthu wina atabvala nkhope yace. Atatuluka analemba pa Twitter kuti anaseka kwadzaoneni. Mau amenewo eni Spamilton anawaika pa zikwangwani zao zoitanira anthu. Ben Brantley, wolemba za masewero m'nyuzipepala ya New York Times, anayamikira sewerolo kuti linali lanzeru ndi loseketsa kwambiri. Cimene anakonza kuti cikhale milungu yocepa cinapitirira miyezi.

NTHABWALA ZIYENDA ULENDO

Mu June 2017 Spamilton inatsika kucoka ku mseu wa 72 nikakhazikika pa West 47th Street, m'nyumba imene kale inali ya ozimitsa moto, ya mipando yosakwana 200. Nyumbayi ndi ya gulu la masewero la anthu a ku Puerto Rico, limene linayambidwa ndi mai Miriam Colón mu 1967. Kucokera pamenepo kukafika pakhomo pa Richard Rodgers Theatre ndi mtunda wa mphindi zocepa cabe. Woseka ndi wosekedwa anakhala moyandikana kufikira January 2018, pamene Spamilton inatseka ku New York itaonetsedwa koposa ka 500.

Sewerolo linapitanso ku Chicago ndi ku Los Angeles mu 2017. Mu July 2018 linaoloka nyanja kukafika ku London, kumene Hamilton inali itayamba mu December 2017 ku Victoria Palace Theatre. Kumeneko linalowa m'nyumba yochedwa Menier Chocolate Factory, imene kale inali fakitale ya cokoleti. Nthabwala zokhudza Hamilton mwini zinamveka bwino, koma ena mwa olemba m'nyuzipepala za ku London anadandaula kuti zambiri zinali za anthu ndi zocitika za pa Broadway, zimene munthu wa kutali sangazitole. Nyimbo zinaoloka nyanja mosabvuta. Miseche ya pamudzi inafika italema.

Zimenezi siziri zacilendo kwa munthu wa kum'mawa kwa Zambia. Pa maliro a Mngoni, Mbemba amafika ndi cipongwe, napaka anamfedwa ufa kumaso, nawalanda ndalama, nanena mau amene munthu wina atanena akanaitanidwa ku bwalo la mfumu. Eni maliro sakwiya, cifukwa ndi cimbuya, ndipo mbuya yemweyo ndiye agwira nchito yolemetsa ya pamaliropo. Koma mlendo wosadziwa za nkhondo zakale za mitundu iwiriyi amangoti kakasi, osamvetsa cimene anthu alikusekera pamalo a misozi. Ufulu wonyoza umapatsidwa kwa amene ubale wace udziwika. Alessandrini analoledwa kuseka Sondheim, Channing ndi Miranda cifukwa nthabwala zace zinali kucitira umboni kuti nyimbo zao anaziphunzira liu ndi liu. Munthu wodana ndi nyimbo sangathe kuipotoza bwino, pakuti sanaimvere kokwanira.

MMENE ZINTHU ZINASINTHIRA

Pa 12 March 2020 nyumba zonse za Broadway zinatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo Hamilton siinaonetsedwenso kufikira September 2021. Pakati pa nyengoyo, mu July 2020, cithunzi ca kanema ca seweroli, cojambulidwa mu 2016 ndi osewera oyamba, cinatulutsidwa pa Disney+. Anthu amene anaimirira pa mseu kudikira maere anatha tsopano kuona Miranda ali m'nyumba zao. Mai wa nsanza uja anapeza cimene anali kupempha, ndipo nthabwala yace inasanduka cikumbutso ca njala ya matikiti ya mu 2016. Umo ndi mmene masewero otsanzira amakalambira: msanga koposa cimene atsanzira. Ndico cifukwa cace Alessandrini wakhala akulembanso Forbidden Broadway kwa zaka zoposa 40, kutaya nthabwala zofota ndi kuika zatsopano.

Mu 2024 kunalengezedwa kuti Forbidden Broadway idzalowa kwa nthawi yoyamba m'nyumba yeniyeni ya Broadway, ya Hayes Theater. Cikonzero cimeneco cinalephereka, ndipo m'malo mwace sewerolo linaonetsedwa m'nyumba yocepa ya Theater 555 pa West 42nd Street. Woseka mafumu anatsalabe kunja kwa mpanda, kumene anayambira.

Mu August 2025 Hamilton inakwanitsa zaka 10 m'nyumba ya pa mseu wa 46. Ku manda a pa chalichi ca Trinity alendo amaponya tindalama ta citsulo pa mwala wa nduna yoyamba ya zacuma, ambiri a iwo atamdziwira m'nyimbo. Pa mseu wa 72 makwerero aja akalipo, ndipo pamwamba pace oimba ndi anthabwala ena amayesa mwai wao pamaso pa anthu 130. Malo atatuwa ali m'mbali mwa mseu umodzi, ndipo munthu angathe kuwayendera onse tsiku limodzi. Koma wofuna kukaona sewero lotsanzira, kaya ku New York kaya kwina, ayambe wamvera nyimbo zenizeni kufikira zitakhazikika m'mutu. Akapanda kutero adzalipira ndalama zace kuti akaonerere anzace alikuseka.